Mlonda wa M'thumba la Fumbani

1. Chaka chopanda kuponi

Chaka chimenecho dzina la mayi Lefina Nabanda silidatuluke pa makuponi a feteleza. Atapita kukafunsa adauzidwa kuti abwere mawa. Atapita mawa lakelo adauzidwa kuti kalembera adatha kale. Anthu ena a manja lende adalandira makuponi n'kukagulitsa kwa mavenda pa Chamama, koma mayi wamasiye wolima fodya ndi manja ake adabwerera chimanjamanja. Zinthu zina zimapsetsa mtima ngakhale ukungozisimba.

Nabanda sadakhale pansi n'kumalira. Adagulitsa ng'ombe za pangolo zimene amuna awo, malemu a Lameki, adasiya, nagula feteleza wa mtengo wonse. Mwana wawo wamkulu, Fumbani, amene adali atangomaliza Folomu 4, ndiye ankathirira nazale, kuthyola fodya ndi kudinda mabelo pa jeke. Mlongo wake Tiyamike ankasoka fodya akaweruka kusukulu, mpaka zala zake kuda bii ndi utomoni.

Fodya woyamba adapita ku okushoni ku Chinkhoma, ndalama zake n'kuthera pa chimanga, poti munda wa chimanga sudalawe feteleza. Adatsala mabelo otsiriza, a masamba abwino kwambiri, m'shedi ya njerwa kuseri kwa nyumba, kudikira lole. Mabelo amenewo Nabanda adawapatsa dzina. Ankawatcha sukulu ya Tiyamike.

Mtsikanayo adali atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, ndipo sukulu zinkatsegulira mu Seputembala. Popanda mabelo amenewo, malo ake akadapita kwa mwana wina, iye n'kutsala pakhomo kumasoka fodya mpaka atapezeka womukwatira.

Tsoka ilo, chaka chomwecho akuba adali atalusa. Ankathyola mashedi a alimi n'kukagulitsa mabelo kwa mavenda pa mtengo wozizira. Nyumba ya a Nabanda idali payokha kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi dambo, koti ukakuwa palibe angakumve msanga.

2. Galu ndi womvera galu

Nzeru ya alamu adabwera nayo ndi Fumbani. Adaiona pa golosale ina pa Chamama, ndipo adawanyengerera amayi ake mpaka adagulitsa mbuzi. Loweruka lina kudafika mnyamata wa zamagetsi, dzina lake Grey. Adakhoma kabokosi koyera m'kati mwa shedi, kasola padenga ndi kawaya pachitseko. Atatsegula chitseko kuti ayese, kabokosiko kadakuwa moti nkhuku zonse zidathawira kutchire.

"Mayi," Grey adatero akupukuta m'manja, "kabokosika kali ndi simu ngati ya m'foni. Chitseko chikatseguka kamakuwa pompano, komanso kamaimba foni. Tsono musankhe koti kaziimba. Njira yoyamba, kaziimba ku kampani ya alonda ya pa Chamama. Kumeneko kumakhala munthu usana ndi usiku, ndipo alamu ikalira amathamangitsa anyamata pa njinga zamoto n'kuimbiranso apolisi. Koma amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Njira yachiwiri ndi yaulere. Ndiikamo nambala ya munthu wa pakhomo pano, alamu ikalira aone yekha chochita."

"Ikanimo yanga," Fumbani adatero amayi ake asanatsegule n'komwe pakamwa. "Ndiye kuti tigule galu, kenaka tizilipiranso munthu woti azimvetsera galuyo akauwa? Zoona zimenezo? Feteleza atibera, ku okushoni atidula, tsopano a kampani nawonso adye nawo thukuta lathu? Ayi ndithu. Mlonda ndili naye m'thumba muno." Adatero akumenyamenya thumba momwe mudali foni.

Pakhonde padali patakhala a Alick, mlongo wa a Nabanda, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Chamama. Adali atabwera kudzaona chinthu chachilendocho. Adamusiya mwanayo kuti atsirize, kenaka adatsokomola.

"Iwe Fumbani, tamvera. Alamu si mlonda. Alamu ndi pakamwa chabe, ilibe miyendo, ilibe manja. Ikakuwa pafunika khutu limene silikugona ndi miyendo imene ilibe ntchito ina. Iwe ntchito uli nazo zambiri. Umagona. Umapita kudimba, umapita kutchalitchi, umakasamba. Foni yako imatha moto, ndipo netiweki ya kuno ndi yochita kukwerera pachulu. Chabwino, tinene kuti yalira uli maso. Upita ndi yani? Oba mabelo sabwera mmodzi, belo si nkhuku yoti munthu apanire m'khwapa. Amabwera gulu, ndi zikwanje zomwe. Ukawapeza uwauza chiyani, kuti uli ndi satifiketi ya Folomu 4? Anthu a kampani aja sindikuti ndi angelo ayi, ena ndimawadziwa, ndi aulesi ngati ife tomwe. Koma ntchito yawo ndi imodzi yokha, kudikira kulira kwa chinthu chimenechi. Wina akapita kukadya, mnzake amatsala pampando. Iwe ukapita kukadya atsala ndani? Mutu umodzi susenza denga, mphwanga. Bambo ako anali amphamvu kuposa iwe, koma denga la shedi iyi sanakweze okha. Ndinalipo ine."

Mwana womva akadagwetsa nkhope. Koma Fumbani adali ndi mtima wapachala, ndipo chimwalirire bambo ake ankadana ndi aliyense womukumbutsa kuti akadali mwana.

"Amalume, za mafoni zisiyeni," adatero. "Inu mumadziwa za masipoko."

"Iwe!" Nabanda adakuwa. "Ukuyankha ndani choncho? Pepani achimwene, mwana uyu sukulu yamulowa molakwika. A Grey, lero ikani kaye nambala yakeyo poti ndalama ya kampani sindinaipeze. Lachiwiri abwera nayo iye yemweyu, mudzasinthe. Ndanena ine."

A Alick adakwera njinga yawo osatsanzika.

3. Sutikesi yofiira

Lachiwiri Nabanda adamasula mfundo ya chitenje, napereka ndalama kwa mwana wawo. Zidali za nkhuku ndi mtedza umene adasungira mbewu. Adamuuza kuti akalembetse ku kampani, akauze Grey asinthe nambala, abwere asanakhotere kwina.

Fumbani adafikadi pa ofesi ya kampaniyo. Idali kanyumba ka chipinda chimodzi, njinga zamoto ziwiri zili panja. Anyamata awiri a yunifolomu ankasewera bawo pamthunzi, wachitatu ali m'kati patsogolo pa mafoni. Fumbani sadamuone wam'katiyo, kapena sadafune kumuona. Adangoona bawo basi, mtima n'kumuwira.

"Mtedza wa amayi uzidyedwa ndi anthu a bawo?" adadzifunsa mokweza, natembenuka.

Moyang'anana ndi ofesiyo mudali sitolo, ndipo pakhomo pake adapachika sutikesi yofiira ya matayala. Dzulo lake Fumbani adali ataona Tiyamike akuchapa thumba la feteleza, kulisokerera chingwe, kuti adzaikemo zovala popita kusukulu. Adakumbukira mmene anzake ankamusekera iye ali Folomu 1 chifukwa cha nsapato zong'ambika. Adalowa m'sitolomo, natuluka akukoka sutikesi, ndalama zonse zitatsala pakauntala.

Tisamunamizire, mnyamatayu mlongo wake ankamukonda. Koma chikondi chosamva za anthu chimafanana ndi ng'ombe yamphamvu yopanda goli, imalima pomwe yafuna n'kuponda mbewu zomwe.

Adapita kwa Grey n'kumuuza kuti amayi asintha maganizo, nambala ikhale yomwe ija. Grey adamufunsa:

"A Fumbani, bwanji tiikemo ngakhale nambala yachiwiri, ya amalume anu aja? Ndi yaulere imeneyo."

"Kuti azindiseka? Yanga yomweyo yakwana."

Pobwerera adakumana ndi Amon pa malo otchajira mafoni. Amon adali mnzake wa m'mudzi momwemo, amene adasiyira sukulu Folomu 2 n'kuyamba kuthandiza mavenda kukweza katundu pa malole. Akuluakulu amati bongololo sadzolera mafuta pagulu, koma Fumbani adakhuthula zonse. Adafotokoza za kabokosi, za kawaya, za bodza limene akukawauza amayi ake, ndiponso kuti m'dziko lonse lapansi alamuyo ikudziwa nambala imodzi yokha.

"Ndiwe dolo, amwene," Amon adatero akuseka. "Ndiye foni ikazima?"

"Yanga siizima."

Kunyumba adawauza amayi ake kuti walembetsa, ndipo kuti sutikesi wagula ndi ndalama za ganyu amene adagwira kwa aphunzitsi. Tiyamike adalumphalumpha, naikoka sutikesiyo kuzungulira bwalo lonse, matayala akulira pa nthaka youma. Tsiku lomwelo adalongedzamo zovala zake, ngakhale kuti sukulu idali isanayandikire. Nabanda adamwetulira koyamba chikololere, ndipo Fumbani adadziona ngati bambo wa pakhomo.

Masiku otsatira zonse zinkayenda. Ankati akatsegula shedi dala, foni n'kulira m'thumba, iye n'kumaseka yekha. Ankagona nayo pamutu, kusamba nayo pafupi. Anthu adayamba kumutcha Alamu, iye n'kumakondwa nalo dzinalo.

4. Chipewa cha adzukulu

Tsoka silinunkha. Sabata yoti lole ibwera, m'mudzimo mudagwa maliro. Adamwalira a Lucious, mkulu wa mpingo, munthu amene adaimirira pa maliro a wina aliyense m'deralo, kuphatikizapo a bambo ake a Fumbani. Maliro otere sajomba munthu. Ukajomba anthu sakufunsa kanthu, amangodikira tsiku limene zidzakugwere iwe, n'kukusiya ukumbe wekha.

M'mawa wa tsiku loika, Nabanda adaima pabwalo akumanga duku.

"Ndimati Tiyamike atsale aziyang'ana pakhomo," adatero. "Koma kusiwa kukufunika atsikana otunga madzi. Poti a kampani alipo, tiyeni tonse. Si ndiye ntchito imene tinawalipirira?"

Apa ndi pamene Fumbani akadalankhula. Mawu ochepa okha akadakwana. Adatsegula pakamwa, nayang'ana nkhope ya amayi ake, natsekanso. Adagwira thumba kuti amve ngati foni ilimo, kenaka adanyamula khasu n'kulowera kumanda, poti anyamata a msinkhu wake ndiwo adali adzukulu okumba manda.

Manda a m'mudzimo adali kutali, kuseri kwa minda, m'nkhalango ya mitengo yosadulidwa. Polowa, mkulu wa adzukulu adavula chipewa chake chachikulu cha mlaza n'kuchitambasula.

"Mafoni muno, nonse," adatero. "Lamulo mukulidziwa. Chaka chatha abusa ali pakati pa pemphero, foni ya wina inayamba kuimba nyimbo ya kumowa ili m'dzenje. Manyazi amene aja sitiwafunanso. Kuno tabwera kudzamanga nyumba ya munthu wamkulu. Palibe kuimba foni, palibe kutuluka mpaka titakwirira. Amene ali ndi changu abwerere pompano, tidzamukumbukira."

"Yangayi ndi ya alamu," Fumbani adatero. "Siingachoke m'thumba."

"Alamu ya chiyani? Amene tikumuikayu sadzukanso ndi alamu. Pamene tinkakumba manda a bambo ako, unaona wina ali ndi foni m'manja? Ponya muno."

Anyamata adaseka. Fumbani adaponya foni m'chipewamo mano ali gwa.

Amon adalipo, koma dzanja lake lamanja lidali lokulungidwa ndi bandeji yoyera. Adati lidapanidwa ndi chitseko cha lole. Poti sakadatha kugwira khasu, mkulu uja adamupatsa chipewa kuti akhale nacho pansi pa mtengo, kunja kwa manda. Fumbani mtima udakhala m'malo. Adamunong'oneza mnzakeyo kuti, "Ikangolira, undikuwire. Ngakhale ndili pansi, undikuwire."

"Usade nkhawa, amwene," Amon adayankha.

Nthaka ya mu Ogasiti ndi mwala. Makasu ankadumpha, mapiki akutulutsa moto. Dzenje litazama, akuluakulu adayamba kutsitsamo achinyamata, poti ndiwo opepuka kuwakoka. Fumbani ndiye adapatsidwa ntchito yokumba kachipinda ka m'mbali moloweka bokosi. Adagwada m'menemo, thukuta likusakanikirana ndi dothi lofiira, osaona china koma kachigawo ka thambo pamwamba pake.

Dzuwa lili pamutu, nyimbo za amayi a mvano zidamveka zikuyandikira. Mudzi wonse udali pambuyo pa bokosi. Pa nthawi ina, nyimbo itadukiza, Fumbani, atatuluka kale m'dzenje, adaona ngati wamva kaphokoso kakang'ono kutali, chakudambo. Adatchera khutu, koma amayi aja adayamba vesi lina. Adayang'ana ku mtengo kuja, anthu adali atatchinga. Amon sadakuwe, ndiye kuti kudalibe kanthu.

Abusa adalalikira, achibale adalankhula, nkhata zidaikidwa. Adzukulu adakwirira, naumba mtumbira bwinobwino. Zonse zitatha, dzuwa litapendeka, anyamata adapita kukatenga mafoni awo. Chipewa adachipeza chili pa muzu wa mtengo, chopsinjidwa ndi mwala. Amon padalibe.

Mafoni ena onse adali oyaka. Ya Fumbani yokha idali yozimitsidwa.

Adaiyatsa. Batire idali yodzaza. Mauthenga adayamba kulowa motsatizana, onse onena chinthu chimodzi, kuti nambala ya alamu idamuimbira koma sadapezeke.

Panjira yotulukira kumanda padali mabeseni a madzi, oti aliyense asambe m'manja ndi kumaso asanapite kwawo, monga mwa mwambo. Fumbani adawadumpha. Anthu adamukuwira kuti abwerere, koma iye adali kale m'minda, khasu lili m'manja.

5. Dzina lanu kuno kulibe

Chitseko cha shedi chidali pululu. Loko adamudula, kabokosi koyera kaja adakazula n'kukaponya kudzala, kawaya kakulendewera. Pabwalo padali mikwingwirima ya matayala a galimoto, yolowa ndi yotuluka. M'kati mudangotsala jeke, chiguduli chong'ambika ndi fungo la fodya. Anthu opanda umunthu, obera mayi wamasiye iye akulira maliro a mnzake! Ngakhale fisi amadikira kuti kude.

Fumbani adaima pakati pa shedi, osalira, osakuwa. Adali chiimire choncho pamene amayi ake adafika, a Alick ndi Tiyamike ali pambuyo, poti anthu adali atawauza kuti mwana wawo wathawa kumanda osasamba.

Nabanda adasuzumira m'shedi, nagwira khoma. Kenaka adatembenukira kwa a Alick, maso ali psuu.

"Achimwene, imbani ku kampani kuja. Imbani! Ndiwalankhule ndekha anthu akuba amenewa."

"Amayi," Fumbani adayamba.

"Khala chete iwe, si mlandu wako uwu."

A Alick adali nayo nambala, poti njinga za alondawo zikaphulika ankamata ndi iwo. Adaimba, nakweza mawu a foni, napereka kwa mlongo wawo.

"Ndine Lefina Nabanda wa kudambo kuno! Munalandira ndalama zanga kuti muzichita chiyani? Alamu yalira, shedi athyola, fodya yense wapita dzuwa likuswa mtengo, inu muli kuti? Mtedza wanga wa mbewu munadya uja ukutsamweni! Ndikupita kupolisi, mundibwezere fodya wanga mpaka tsamba lomaliza!"

Mawu a mbali inayo adali ofatsa. "Pepani mayi, tamva chisoni. Mwati ndinu ndani?" Munthuyo adafufuza m'buku. "Mayi, dzina lanu kuno kulibe. Simunalembetse. Alamu yanu siimba kuno. Chikhala kuti inaimba, anyamata athu anali pa msewu wa kwanuko masana ano, bwenzi atafika galimotoyo isanadzaze."

Nabanda adatsitsa foni pang'onopang'ono. Adayang'ana mwana wawo, ndipo Fumbani adayang'ana pansi.

"Ndalama zija zili kuti?"

"Ndinagula sutikesi."

"Alamu imaimbira ndani?"

"Ine."

"Iwe unali kuti?"

Dothi lofiira limene lidali m'tsitsi mwa Fumbani, m'makutu ndi m'zikhadabo lidamuyankhira.

"Ndiye wandiimika pamaso pa anthu, ndikutukwana osalakwa," Nabanda adatero, mawu akukwera. "M'mawa uja ndinanena pamaso pako kuti ndimafuna kusiya Tiyamike pakhomo. Unandimva. Unali ndi pakamwa. Akuba akanaona utsi pakhomo pano, akanaona munthu akusesa, sakanalowa masana. Ukanangoti amayi ndinalakwa, kampani kulibe, bwenzi nditakukalipira, inde, koma fodya ali m'shedi. Iwe unasankha nkhope yako. Unaopa manyazi a m'mawa umodzi, taona tsono manyazi a chaka chonse. Ng'ombe za bambo ako ndinagulitsa. Mbuzi ndinagulitsa. Mbewu ndinagulitsa. Msana uwu sukuwongokanso chifukwa cha fodya ameneyu. Akuba andibera ndi zikwanje, iwe wandibera ndi bodza, ndipo chowawa kwambiri ndi chako, chifukwa iwe ndinakuyamwitsa."

Fumbani adasuntha kuti alowe m'nyumba, mwina kuti abise nkhope.

"Ima pomwepo! Usandilowetsere dothi la kumanda m'nyumba mwanga. Zimene wandibweretsera lero zakwana."

A Alick sadanene kuti paja ndinakuuza. Zikadakhala bwino akadanena, chifukwa kufatsa kwawo kudabaya koposa.

"Mphwanga, kufuna kusamala ndalama si kulakwa. Alipo anthu amene amayang'anira okha alamu zawo, ndipo zimawayendera. Koma amenewo amakhala angapo, nambala ziwiri zitatu, wina akachoka wina alipo, ndipo onse pakhomo amadziwa zoona zake. Iwe unafuna kukhala khutu wekha, miyendo wekha, mwini chinsinsi wekha. Munthu wa m'mudzi sakhala wa iye yekha. Lero mudzi unakuitana kumanda, ndipo unachita bwino kupita. Mawa udzakuitana kwina. Unkaganiza kuti akuba sadziwa kuti kuli maliro? Tsono ndiuze chinthu chimodzi. Anthuwa anabwera ndi galimoto masana, osaopa kuti kubwera njinga zamoto. Anadziwa kuti kampani kulibe. Amayi ako sankadziwa, ine sindinkadziwa. Unauza ndani?"

Fumbani asanayankhe, kudamveka kulira kwa matayala aang'ono pa nthaka youma. Tiyamike adatuluka m'nyumba akukoka sutikesi yofiira. Adali atakhuthula zovala zake zonse pamphasa. Adaiimika patsogolo pa mchimwene wake, osalira, maso ali pa iye.

"Achimwene, kabwezeni kusitolo," adatero. "Ndilibe kopita nayo."

Adabwerera m'nyumba, natseka chitseko.

Fumbani adayang'ana kumbali, chifukwa sutikesiyo sakadatha kuiyang'ana. Ndipo m'mbali mwa mikwingwirima ya matayala, pamene galimoto idaima pokweza, adaona kanthu koyera katakodwa pa chitsa. Adapita nakatola. Idali bandeji yaitali, yovundukuka, yopanda dontho la magazi ngakhale fungo la mankhwala. Mwini wake adaivula kuti agwire bwino belo.

Adaipindira m'manja, naiika m'thumba momwe mudali foni.

"Watola chiyani?" a Alick adafunsa.

"Palibe."

"Fumbani, ndakufunsa kuti unauza ndani."

Mnyamatayo adawerama, natola khasu lake la kumanda. Adadutsa amayi ake, nadutsa sutikesi, nalowa kanjira kodutsa m'dambo, kopita kwa Amon. Ankayenda mwandawala.

"Iwe Fumbani!" a Alick adakuwa ali pabwalo. "Anthu amenewo ali ndi zikwanje! Ukupitanso wekha?"

Fumbani sadacheuke.